Phudzi la matumbo ndi ulusi umene umagwira mimba

A mfumu, amayi ndi abambo, nonse mwamva za msodzi mnzathu amene anathamangitsidwa kuchipatala usiku sabata yatha akusanza, chotupa cha m'mphechepeche chitauma ngati mwala. Anakhala nacho zaka zambiri akumachikankhira m'kati ndi dzanja, mpaka tsiku limene chinakana kubwerera. Chotupa chotere chikauma, chikamawawa ndipo munthu n'kuyamba kusanza, musadikire kuti kuche.

Pali phudzi la madzi, koma lero ndikunena la matumbo, limene limabwera matumbo akapeza malo ofooka pa khoma la mimba n'kusuzumira kunja. Khomalo limalukidwa ndi ulusi wotchedwa kolajeni, monga mmene khoka limalukidwira, ndipo thupi limapanga ulusiwo ndi tizidutswa ta mapuloteni totchedwa ma amino asidi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, madokotala ena ku America anayeza minofu ya pamimba ya amuna odwala matendawa, napeza kuti amino asidi wotchedwa hydroxyproline, amene amalimbitsa kolajeni, anali wochepa poyerekeza ndi wa amuna ena. Choncho kukoka khoka ndi kunyamula matumba a chimanga kumang'amba msanga pamene ulusi unali wofooka kale. Fodya amafooketsanso ulusiwu, ndipo inu anyamata amene mukubisa ndudu kumbuyoko ndakuonani.

Bambo mwafunsa kuti mukamadya usipa wambiri, kodi chotupacho chiphwa? Ayi, bambo, sichiphwa. Usipa, nyemba ndi nandolo zimapatsa thupi mapuloteni, ndipo malambe, magwafa ndi mango zili ndi vitamini C, amene thupi limafuna kuti lipange hydroxyproline ameneyu. Zakudyazi zimathandiza kuti bala lipole bwino, koma khoka likabooka silidzisoka lokha ngakhale mutalisamala chotani. Bowo limatsekedwa ndi opaleshoni yokha, osati mphini, osati kumanga nsalu m'chiuno. Opaleshoni yokonzekera ndi yopepuka kusiyana ndi ya usiku, chifukwa matumbo akapanika amasowa magazi ndipo amatha kufa m'maola ochepa.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiye ndifulumire. Chifuwa chokhalitsa kayezetseni, kudzimbidwa musakulekerere, katundu wolemera nyamulani awiri, ndipo manyazi asiyeni pakhomo pokaonetsa chotupa chikadali chofewa. Chikauma, chikamawawa, munthu akamasanza, pezani njinga kapena galimoto usiku womwewo mupite naye kuchipatala cha boma ku Mangochi.