Manambala a DRO akudumpha okha? Musathamangire kugula stabilizer

(Kamera ili pa sikirini. Mota ikulira, tebulo laima.)

Taonani apa. Manja anga onse awiri ndi awa, tebulo lili phee, koma manambala a X (mayendedwe a tebulo kumanzere ndi kumanja) akuwerenga 12.500, kenako 12.515, kenako 12.480. Munthu ungaboole bowo lolondola ndi zimenezi? Moni nonse, tili mu shedi kuno ku Nchalo, thukuta lili kamukamu, ndipo lero tithana nayo DRO yopenga pa makina a milling.

Mwachangu kwa amene mwangoyamba kumene. DRO (digital readout) ndi chipangizo choonetsa ndi manambala pamene tebulo la makina lafika. Ili ndi sikelo yomangidwa pa makina, waya, ndi bokosi la manambala. Sikelo yagalasi imatumiza timagetsi ta 5 volts, kuyaka kuzima, bokosi n'kumawerenga. Pa masikelo ambiri, kuwerenga kamodzi ndi 0.005 mm. Bokosilo silifunsa kuti watumiza ndani: phokoso la magetsi, kutanthauza timagetsi tosokoneza tochokera kwina, osati lomveka m'khutu, likalowa m'waya, limawerengedwanso ngati tebulo layenda. Masikelo otchipa aja ofanana ndi caliper, oyendera batire ya 1.5 kapena 3 volts, ndiye sachedwa kusokonezeka. Basi, tapita.

Choyamba, tsimikizani kuti vuto ndi la magetsi. Pukutani sikelo, chifukwa fumbi lathu lino likasakanikirana ndi oyilo limanamiza manambala. Kenako imasuleni, muigoneke pa thabwa louma waya ali cholumikiza, muyatse mota. Akamadumphabe, phokoso likulowera m'waya kapena pa pulagi. Akakhala chete, mwina bawuti inakhwepa ndipo sikelo imanjenjemera, kapena phokoso limadzera m'thupi la makinawo.

Tsopano ndiime kaye, chifukwa pali nkhani imene imandiwawa. Munthu akangoona manambala akuvina, anzake onse amayankha chimodzimodzi: "Achimwene, ndi magetsi ofooka amenewo, gulani stabilizer." Munthu uja n'kukwera minibasi, kukwera phiri lonse lija mpaka ku Limbe, kusiya ndalama yoti akadagulira ma end mill odulira chitsulo, kubwera nacho chibokosi cholemera. Kulumikiza. Manambala akudumphabe! Ayi abale anga, ayi.

Taganizani. Mota ili chozima, manambala ali chete. Ndayatsa, ayamba. Soketi ndi yomweyo, magetsi ndi omwewo. Chasintha n'chiyani? Chimene chayamba kugwira ntchito chili muno mu shedi, osati ku Kapichira kumene amapanga magetsi.

Magetsi a m'soketi ndi 230 volts, ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Ntchito ya stabilizer ndi kuona ngati atsika kufika 190 kapena akwera kufika 250, n'kuwabweza pakati. Ndi ntchito yabwino, firiji yanu imaifuna. Koma VFD, kabokosi kosinthira liwiro la mota aka, imadula ndi kulumikiza magetsi ka 2,000 mpaka ka 16,000 pa sekondi imodzi, ndipo kudula kulikonse kumamwaza phokoso lothamanga kuposa pamenepo. Stabilizer isanaphethire n'komwe, phokoso ladutsa kambirimbiri. Kuli ngati kutchera udzudzu ndi khoka la nsomba. Komanso phokoso lambiri silidzera n'komwe pa pulagi, limalumpha kuchoka pa waya wa mota kupita pa waya wa sikelo pamene agundana. Stabilizer ili uko pakona ikaligwira bwanji?

Tembenuzaninso bokosi la DRO muwerenge kumbuyo. Ambiri analembedwa 100 mpaka 240 volts, ena kuposera apo. Ndiye kuti magetsi atatsika kufika 190, bokosilo silidandaula. Ndipo imvani izi: ma stabilizer otchipa ali ndi ma relay, aja amalira thethethe. Kulira kulikonse ndi kamoto kothetheka mkatimo. Mwagula chinthu choti chithetse phokoso, chikubweretsa lake.

Amene munagula kale, lembani pansipa mutiuze ngati inathandiza, ndiwerenga zonse. Ndipo ngati mwafika pano musanadine subscribe, dinani tsopano, n'zaulere, zimathandiza kuti YouTube ionetse vidiyoyi kwa amisiri ena a ku Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje.

Chachiwiri, siyanitsani mawaya. Ichi chokha chimachiritsa makina ambiri ndipo sichidya ngakhale kwacha imodzi.

(Kamera kuseri kwa makina, pa mtolo wa mawaya omangidwa pamodzi.)

Mwaona kukongola kwake? Kukongola kumeneku ndiye matenda. Waya wa sikelo wayenda limodzi ndi wa mota mita yathunthu. Ndikudula tizingwe tomangira iti, wa sikelo apite kumanzere, wa mota kumanja, atalikirane masentimita 30 ngati malo alola. Pamene sangalephere kukumana, adutsane mopingasa ngati mtanda, asagonerane. Taonani sikirini. Kudumpha kwachepa kale.

Chachitatu, earth. Thupi la makina, VFD ndi bokosi la DRO, aliyense akhale ndi waya wakewake wa earth wokumana pa bawuti imodzi. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, penti sidutsa magetsi. Ndipo chonde, alipo ena amachotsa dzino lalitali lija la pulagi ati phokoso lithe. Dzino limenelo ndi limene limakupulumutsani mota ikapsa mkati, inu muli chogwira chitsulo ndi manja a thukuta. Musalikhudze.

Chachinayi, ferrite. Ndi kachotupa kaja mumakaona pa waya wa chaja ya laputopu. Zilipo zotsegula ngati chikwama: kulungani waya wa sikelo kawiri kapena katatu, mutseke pafupi ndi bokosi.

Chachisanu, adaputa. Ngati DRO yanu imadya pa chaja yotchipa ya foni, yesani batire kapena power bank. Zikakhazikika, tayani chajayo. Pa masikelo a batire aja, ka capacitor ka 0.1 microfarad pakati pa mawaya awiri a magetsi, pafupi ndi mutu wa sikelo, kamathandiza kwambiri.

Zikakanika zonsezi, ndiye mugule zinthu zoyenera: waya wa mota wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ukondewo womangidwa ku earth mbali zonse ziwiri, ndi EMI filter, kabokosi kosefa phokoso la magetsi, pamene magetsi amalowera mu VFD. Musanatsegule VFD, zulani pulagi mudikire mphindi 10, chifukwa ma capacitor ake amasunga magetsi oti n'kupha munthu. Amene mota yanu ndi ya ma carbon brush, timakala topereka magetsi mkati mwa mota, yang'anani ngati sanaperepeseke, amathetheka. Ndipo mnzanu akamawotcherera pa mzere womwewo wa magetsi, dikirani amalize.

Kuyesa komaliza: tsekani tebulo ndi loko, ikani ziro, yendetsani mota kuyambira liwiro lotsika mpaka lapamwamba, zimitsani, yatsaninso kangapo. Manambala akhale pa 0.000. Sabata yamawa tisula shafti ya pampu yothirira pa makina omwewa, belu lija mulidine kuti isakupiteni.