Ana othawa kwawo ndi ganyu: maphunziro a m'dera angathandize bwanji?

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikambirane za ana a mabanja amene anathawa nkhondo, kusefukira kwa madzi kapena chilala, amene ambiri a iwo amapezeka m'minda ndi m'misika anzawo ali m'kalasi.

Lipoti la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO ndi bungwe loona za ana la UNICEF lomwe linatuluka mu 2025 likuti ana pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse akugwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo 54 miliyoni mwa iwo ali pa ntchito zoika moyo pachiswe. Pano sitikunena za kutsuka mbale kapena kutunga madzi poweruka kusukulu. Tikunena ntchito yomwe imalanda mwana sukulu ndi thanzi. Pangano la ILO nambala 138 la mu 1973 limati mwana asalembedwe ntchito asanakwanitse zaka 15, ngakhale mayiko osauka amaloledwa kuyambira zaka 14.

Tisafulumire kuloza chala makolo. Banja likathawa limasiya munda, ziweto ndi ntchito. Kumene lafikako, nthawi zambiri bambo ndi mayi saloledwa kugwira ntchito popanda chiphaso, koma mwana palibe amamufunsa mapepala, ndipo olemba ganyu amamukonda poti amamulipira zochepa. M'chigwa cha Bekaa ku Lebanon, ana ambiri ochokera ku Syria akhala akukolola mbatatesi ndi masamba pa chifukwa chomwechi.

Nayonso sukulu siwalandira mosavuta. Taganizirani mtsikana wa zaka 13 amene watha zaka zitatu osalowa m'kalasi. Kalata yake ya kubadwa inatsala m'nyumba yomwe anathawa, lipoti la sukulu yakale alibe, chilankhulo cha aphunzitsi sachimva. Akamukhazika pa benchi limodzi ndi ana a zaka 8, manyazi amamugwira, sabata isanathe wabwerera kumunda. Bungwe loona za anthu othawa kwawo la UNHCR limati pafupifupi theka la ana othawa kwawo a msinkhu wa sukulu sali pasukulu.

Apa mpamene maphunziro a m'dera amagwira ntchito. Pakati pa anthu othawa pamakhala aphunzitsi amene anathawira limodzi ndi anzawo. Iwowa amayamba kuphunzitsa m'chilankhulo cha kwawo kwa mwanayo, kenako n'kumamulowetsa pang'onopang'ono m'chilankhulo cha dziko lomwe afikira. Ana osiyira panjira amaikidwa ndi amsinkhu wawo m'makalasi ofulumiza, momwe ntchito ya zaka ziwiri imaphunzitsidwa m'chaka chimodzi. Nthawi yophunzira amagwirizana ndi makolo. Ku Lebanon ndi ku Jordan sukulu za boma zinatsegula makalasi amasana kuti ana a ku Syria apeze malo.

Chomwe ine ndimachiona chamtengo wapatali ndi komiti ya makolo. Mwana akajomba masiku angapo, munthu womudziwa amakagogoda pakhomo n'kufunsa chavuta. Mayi amamasuka kuuza mnansi wake kuti m'nyumba mulibe chakudya, zomwe sangauze mlendo wobwera ndi fomu.

Koma uphungu wokha sudzaza mphika. Ngati ndalama ya mwanayo ndi yomwe imagula chakudya, payenera kupezeka cholowa m'malo mwake. Mu 2017 dziko la Turkey linayamba kupatsa mabanja othawa kwawo ndalama, bola mwana azipezeka m'kalasi masiku 80 pa 100 aliwonse, ndipo ogwira ntchito yoteteza ana ankayendera mabanja amene ana awo ayamba kujomba.

Chinanso, makalasi a m'dera ayenera kugwirizana ndi unduna wa zamaphunziro wa dzikolo kuyambira pachiyambi, kuti mwana akamaliza alembe mayeso ovomerezeka n'kulowa sukulu ya boma. Kholo likazindikira kuti satifiketi yake palibe akuilandira, limamuchotsa mwana n'kumubwezera ku ganyu.