Mawu a m'mawa: Pisani dzanja m'phulusa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, kuno ku Ulongwe kukuzizira koopsa. Masalimo 139:12, mukuidziwa kale, kwa Iye mdima sudetsa.

Sabata ino ine ndinazima. Mbatata zanga zinagwidwa matenda kumunda, ngongole ya feteleza ili pakhosi, foni ndinathimitsa masiku atatu osayankha ngakhale achimwene anga amene anandibwereka ma meticais aja. Lachinayi mwana wanga akuwerenga za nyenyezi, akuti ababa nyenyezi yaikulu imaima chifukwa cha moto wa mkati mwake, motowo ukukankhira kunja pomwe kulemera kwake kukukokera mkati, tsiku limene mafuta ake atha imadzigwera yokha n'kukhala dzenje lakuda, black hole, loti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Ndinangoti zii, akunena ine mwanayu.

Ndiye dzulo ndadzuka mbaula itazima, phulusa lokhalokha, koma kupisamo dzanja ndinamva kufunda. Musataye phulusa musanapisemo dzanja abale!

Mwana uja anapitiriza. Akuti pakatikati pa dzenjelo masamu a wasayansi Albert Einstein a 1915, ofotokoza mphamvu yokoka zinthu, amafika pothera, sakwanitsanso kufotokoza, n'chifukwa chake anthu ophunzira mpaka lero akusakasaka njira yolumikiza mphamvu yokoka zinthu ndi malamulo a tizinthu tating'onoting'ono, quantum gravity. Koma mu 1974 wasayansi wina, Stephen Hawking, atayesa kuphatikiza ziwirizi m'mphepete mwa dzenjelo, masamu ake anaonetsa kuti silakuda kotheratu ayi, limatulutsa kakutentha kochepa zedi pang'onopang'ono. Dzenje lomwe timati lameza zonse nalonso lili ndi kakhala kake pansi pa phulusa.

Nanga iwe mlongo, iwe m'bale, wadzitsekera m'nyumba n'kumati zanga zatha, wauzidwa ndi ndani? Wapisamo dzanja? Ife vuto lathu timaweruza ndi maso, taona phulusa basi takataya kudzala, kupemphera tasiya, kutchalitchi tasiya, anthu otikonda tikuwazemba ngati ndiwo adwalitsa mbatata. Pomwe nzeru za anthu zathera Mulungu amaonapo ngati masana. Pisa dzanja, fukula, uzira, utsi ukulowa m'maso inde koma uzirabe.

Ine foni ndayatsa. Ndikangomwa tiyi ndikwera njinga kupita kwa achimwene kukawauza zoona zake za mbatata zija, mundikumbukire m'mapemphero pamene ndili panjira.