Mphindi zitatu zija ku Galway

Moni nonse, a ku Dublin, a ku Cork, ndi inu achemwali amene mukumvera muli pa shifiti ya usiku kosamalira okalamba. Phokoso mukulimvali ndi la basi, tikuchokera ku Galway kuno ku Ireland. Ulendo wake ndi maola awiri ndi theka, ndiye ndikambiretu nkhaniyi isanazizire.

Dzulo usiku m'bale wathu wina, dzina ndilisunga, anakwera pa siteji m'bala ina pa open mic, pamene aliyense wolembetsa dzina amapatsidwa mpata wolakatula. Ino ndi sabata ya Cúirt, chikondwerero cha alembi chimene chinayamba mu 1985 ndipo chimachitika mu April. Anamupatsa mphindi zitatu. Mphindi ziwiri anathera popereka ulemu: kwa okonza mwambo, kwa azungu, kwa makolo ake kumudzi, kungotsala a gulupu ndi a T/A. Atangoyamba ndakatulo, woyendetsa mwambo anaimirira. Mwamuna anatsika ali totolo, akuti ndi tsankho. Achimwene, ayi. Tsankho lilipo kuno, tonse tikulidziwa, koma la dzulo linali wotchi.

Mvetserani tsono, inu amene mumalakatula pa maukwati ndi pa 6 July. Mphindi zitatu ndi mawu pafupifupi 350 mukamawerenga modekha, ndipo mawu athu ndi aatali, choncho dulani mpaka 250. Yesani kunyumba kawiri katatu ndi wotchi ya pafoni, mawu oyamba aja muwawerengere momwemo. Dzina lanu, mutu wa ndakatulo, chiganizo chimodzi cha Chingerezi chonena zomwe ikukamba, basi yambani. Fikani mphindi 30 nthawi isanakwane chifukwa pepala lolemba mayina limadzaza msanga.

Za maiki. Ambiri amakhala aja a Shure SM58, amutu wa sefa. Pakati pa mlomo ndi maiki pakhale zala zitatu, ndipo muipendeketse pang'ono. Chichewa chili ndi ph, th ndi kh wambiri. Mukati "phiri" kapena "mphepo" molunjika, mpweya umamenya maiki n'kumamveka phu phu ngati mukupuntha mapira. Musagwire kumutu kwake ngati oimba a hip hop, ndipo musailozetse ku sipika ya pansi ija, ilira mpaka anthu agwira makutu. Kukuwa kwa pa bwalo la sukulu kusiyeni. Chipinda cha anthu 40 chimafuna mawu okambirana pa khonde.

Pepala lisindikizeni mbali imodzi, zilembo za saizi 16, masamba muwalembe manambala, osawamanga ndi sitepula. Foni imazima pakati pa ndime, kapena imalowa WhatsApp ya kumudzi yofunsa za fetereza.

Koma chimene chinandiwawa, mnyamatayo ndakatulo yake inali yabwino, ya amayi akusinja pa mtondo m'bandakucha. Iye anaimasulira yonse m'Chingerezi poopa kuti samumva. Bwanji? Kuno alakatuli a chilankhulo cha Irish amawerenga m'chilankhulo chawo kaye, Chingerezi pambuyo, ndipo holo yonse imakhala chete ngakhale ena sakumva kanthu. Dzina loti Cúirt lomwelo ndi la chilankhulo chawo, kutanthauza bwalo, monga mabwalo a alakatuli akale. Anthu awa chilankhulo chawo chinatsala pang'ono kufa, amadziwa kuwawa kwake. Michael D. Higgins, amene anamusankha upulezidenti wa Ireland mu 2011, ndi mlakatuli. Ndiye iwe ukubisa Chichewa ngati ndiwo zadzulo? Werenga ndime imodzi m'Chichewa, ina m'Chingerezi, zikwane mu mphindi zomwezo.

Zochitika zolowa ndi matikiti ndi zina, monga za ku Town Hall Theatre ku Galway. Ola limodzi: alembi awiri kapena atatu, aliyense awerenga mphindi khumi kapena kuposerako pang'ono, kenaka kucheza ndi wofunsa, mafunso a anthu, pomaliza kusaina mabuku panja pa holo. Akakupatsa maiki pa nthawi ya mafunso, funsa funso. Si pomwe ufotokoze mbiri ya Stamp 2 yako, chilolezo chokhalira kuno ngati wophunzira. Ndipo saomba m'manja pakati pa ndakatulo, nthungululu sungani, mungodzidzimutsa agogo a mzere woyamba. Ukamva kuti "mmm" chapansipansi, dziwa kuti yawalasa.

Amene mwaphonya Galway, mu May kuli International Literature Festival Dublin, ndipo May akamatha kapena kumayambiriro kwa June kuli Listowel Writers' Week ku Kerry, kwawo kwa mlembi John B. Keane. Kumeneko malo ogona amatha msanga chifukwa tauni yake ndi yaing'ono, sungitsiranitu. M'bale wathu uja wakhala mipando itatu kutsogolo kwangaku, sakundiyankhula, koma ndikumuona ali ndi cholembera, akufufuta a gulupu.