Ulusi wa m'sokosi

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye.

Pa Eksodo 4:2 Yehova akufunsa Mose chimene chili m'dzanja lake. Mose akuti ndodo. Ndodo basi, ya munthu amene anapha mnzake ku Iguputo n'kuthawira kubusa la nkhosa za apongozi ake.

Vesi limeneli landikumbutsa Ray Materson wa ku America. Mankhwala ozunguza bongo otchedwa kokeni anamudya mpaka anayamba kuopseza anthu ndi mfuti yachidole kuti apeze ndalama ya mankhwala. Khoti la ku Connecticut linamugamula zaka 15. Ali m'selo anakumbukira agogo ake aakazi akupeta nsalu iye ali mwana. Utoto analibe, burashi analibe, mphunzitsi analibe. Anali ndi sokosi. Anaimasula ulusi umodziumodzi, singano n'kupempha kwa woyang'anira akaidi, n'kuyamba kujambula ndi ulusiwo tizithunzi tokwana m'chikhatho. Akaidi anzake ankatigula ndi ndudu ndi khofi.

Apa mpamene mtima wanga waima. Chibaba cha mankhwala sichidziwa mawu oti mawa, chimati pompano. Singano nayo sithamangitsika. Ukaipupulumira imakubaya chala, ulusi n'kupotana. Manja omwe aja ankanjenjemera kufuna kokeni anaphunzira kukhala maola ambiri pa kansalu kamodzi, kubaya, kukoka, kubayanso. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anali m'selo imeneyo, akumusoka munthuyo pang'onopang'ono monga iye ankasokera nsalu.

Anatuluka mu 1995. Ntchito zake zaonetsedwa ku nyumba yoonetsera zaluso ya American Visionary Art Museum mumzinda wa Baltimore, ndipo anadzipereka kuthandiza achinyamata okodwa m'mankhwala.

Ife timachedwa kwambiri ndi kuwerenga zimene tilibe: ndikadzapeza mpamba, mlandu ukadzatha, anthu akadzaiwala. Ndipo tikamva kuti mwana wa uje wamangidwa chifukwa cha chamba, timafulumira kunena kuti ameneyo watha. Watha kwa ndani? Mayi ake akadaphikabe nsima Loweruka n'kukwera minibasi kukamuona.

Tipemphere. Atate, kumbukirani abale athu amene adzuka m'ndende m'mawa uno, ndi ena amene ali panja koma botolo la kachasu lawamanga unyolo. Aonetseni kanthu kamene katsala m'manja mwawo. Limbikitsani amayi amene atopa ndi kulira. Ifenso tipatseni miyendo yokawaona. M'dzina la Yesu, Amen.