Chitetezo chimene tinabadwa nacho

Zikomo a tcheyamani. Zikomo amayi ndi abambo, ndi agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambiri tikamva za chitetezo cha m'thupi timathamangira kuganiza za CD4 ndi ma ARV, poti ndi zimene timamva ku kiliniki. Komatu CD4 ili m'gulu la chitetezo chimene thupi limachita kuphunzira. Chimenecho ndi champhamvu ndipo sichiiwala, n'chifukwa chake katemera amagwira ntchito, koma chimachedwa. Kachilombo kakakhala kachilendo, pamatha sabata kapena kupitirira chisanakonzeke. Pamene mabakiteriya ena, akapeza malo abwino, mmodzi amasanduka awiri pa mphindi 20 zokha. Ndiye masiku onsewo amatigwirira ndani? Ndi chitetezo china, chimene mwana amatuluka nacho m'mimba mwa mayi ake. Sichidikira kudziwa dzina la matenda. Chikangoona kuti ichi si cha m'thupi muno, chayamba kale ntchito.

Choyamba ndi khungu. Likakhala lopanda bala, tizilombo tambiri timathera kunja. M'mphuno ndi m'njira ya mpweya muli mamina ndi makhololo, zimene timanyansidwa nazo, koma ndi zimene zimakola fumbi ndi tizilombo. M'njiramo mulinso tiubweya tosaoneka ndi maso timene timakankhira makhololowo kukhosi usana ndi usiku. Utsi wa fodya umafooketsa tiubweya timeneti. Achimwene kumbuyoko mukuseka, koma chifuwa chosatha cha anthu osuta chimayambira pomwepo. Utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba yotseka, magetsi akathima, nawonso siwabwino ku mapapo a ana. Misozi ndi malovu zili ndi mankhwala ake otchedwa lysozyme, amene amaswa khungu la mabakiteriya ena. Anawatulukira ndi Alexander Fleming, yemwe uja anadzatulukiranso penisilini mu 1928, ndipo anawapeza poyesa mamina ake omwe ali ndi chimfine.

Tsopano m'mimba, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ife a mu Harare nkhaniyi inatikhudza. M'chifu muli asidi woopsa amene amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya ndi madzi. Kachilombo ka kolera kamauopa kwambiri asidi ameneyu, moti kuti munthu adwale pamafunika kumeza tochuluka zedi. Nanga mu 2008, kolera itavuta ku Budiriro ndi ku Glen View, madera a mu Harare muno, n'kufalikira dziko lonse la Zimbabwe mpaka 2009, anthu opitirira 4,000 anamwalira bwanji? Mipopi inali youma, zonyansa za m'masuweji zikulowa m'zitsime, ndiye tizilombo tinali tochuluka kuposa zimene chifu chingathe kupha. Mu 2018 inabwereranso m'madera omwewo. Asidi ali ndi malire ake. Ndipo amene mumakonda kumwa soda wophikira kapena mapiritsi a chilungulira tsiku ndi tsiku, dziwani kuti mukuchepetsa asidi yemweyo, ndipo ofufuza anaona kuti asidi akachepa, tizilombo tochepa ta kolera timakwanira kumudwalitsa munthu. Sindikuti musiye mankhwala amene dokotala anakulemberani, ayi. Ndikuti madzi anu aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, ngakhale a pa mjigo ooneka oyera mbee.

Nanga khungu likang'ambika? Tinene kuti mwadzicheka ndi lata. Pansi pa khungu pamakhala kale maselo akuluakulu otchedwa macrophage. Ntchito yawo ndi kumeza tizilombo n'kutigaya, kwinaku akutulutsa timadzi toitana anzawo. Mitsempha ya magazi ya pamalopo imatakasuka, magazi amabwera ambiri, n'chifukwa chake pabala pamafiira, pamatentha, pamatupa ndi kupweteka. Pakangotha maola ochepa pamafika asilikali enieni, ma neutrophil. Mwa maselo oyera a m'magazi, oposa theka ndi amenewa, ndipo m'kati mwa mafupa mumapangidwa pafupifupi mabiliyoni 100 tsiku lililonse, chifukwa sakhalitsa. Amamenya nkhondo n'kufera pomwepo. Mafinya amene mumawaona m'chithupsa, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali amenewa pamodzi ndi tizilombo timene apha.

Munthu amene anadziwitsa dziko za maselo omeza tizilombowa ndi Élie Metchnikoff wa ku Russia. Mu 1882 ali ku Messina, ku Italy, anabaya minga m'tiana ta kanyama ka m'nyanja koonekera m'kati, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo atazungulira mingayo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908.

Mavairasi amabisala m'kati mwa maselo athu, koma selo logwidwa limatulutsa timadzi totchedwa interferon, kuchenjeza oyandikana nalo kuti adzitchinjirize. Kuphwanya m'thupi kumene mumamva mukadwala fuluwenza, mbali ina ndi ntchito ya timadzi ngati timeneti.

Kutentha thupi nakonso ndi dala. Thupi limakhala pa madigiri 37, koma asilikali aja akatumiza uthenga ku ubongo, ubongo umakweza kutentha kuti tizilombo tina tisaswane msanga ndiponso maselo athu agwire ntchito mwachangu.

Eee agogo, ndamva funso lanu. Akuti ngati thupi likudzimenyera lokha, ku kiliniki tipitirenji? Agogo, asilikali amagonjanso, ndipo nthawi zina nkhondoyo imakula mpaka kuwononga thupi lomwelo. Mwana wosakwana miyezi 3 akatentha kufika pa 38, musadikire kuti kuche. Bala likayamba kufiira mokulirakulira, kapena mwaona mzere wofiira ukukwera ndi mkono, kapena munthu akunjenjemera, akupuma mofulumira, akulankhula zosokonekera, ndiye kuti tizilombo tapyola, nyamukani. Odwala shuga musamale koposa: shuga akakwera, ma neutrophil amachita ulesi, ndipo kabala kakang'ono ka kuphazi kamatha kudulitsa mwendo. Muziona mapazi anu madzulo aliwonse. Chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba musamachifinye, mumakankhira mafinya m'kati.

China, kwa ife amene timapita kumudzi, kaya ku Mangochi, ku Nsanje kapena ku Nkhotakota. Harare ndi malo okwera, malungo safala kuno, choncho ana athu obadwira ku Mufakose kapena ku Mabvuku matupi awo sawadziwa malungo. Chitetezo chobadwa nacho pachokha sichingawathe. Mwana akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patadutsa masabata angapo, kamuyezetseni tsiku lomwelo, ndipo muwauze anamwino kuti munali ku Malawi, chifukwa mukapanda kunena akhoza kuganiza za chimfine.

Amayi apo mwakweza dzanja, funsani.