Kugula Nyumba ku England: Makiyi Mudzalandira Liti?

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, abale anga nonse, ndakondwa kuona kuti tabwera ambiri chonchi ngakhale kunjaku kukuzizira.

Pakhomo paja anthu atatu andifunsa funso limodzi: ndikaipeza nyumba lero, ndilowamo liti? Kuno ku England ndi ku Wales, werengerani miyezi 3 mpaka 5 kuchokera tsiku lomwe mwini nyumba wavomera mtengo wanu. Ena zimawayendera msanga, ena amafika miyezi 6 akudikirabe.

Koma chimene ndabwerera ndi ichi, ndipo mundimvetsetse. Mwini nyumba akati wavomera mtengo, nyumbayo sinakhale yanu. Kwathu tinazolowera kuti akuluakulu akagwirana chanza pamaso pa mboni, nkhani yatha. Kuno lamulo siliona choncho. Mpaka tsiku lomwe maloya a mbali zonse ziwiri asinthana mapepala a mgwirizano, lomwe amalitchula kuti exchange, wogulitsa akhoza kubwerera m'mbuyo osalipira kanthu. Wina akabwera ndi ndalama zoposa zanu, akhoza kumupatsa nyumbayo, inu mutalipira kale loya ndi woyeza nyumba. Choncho chonde, musauze landilodi wanu kuti mukutuluka exchange isanachitike. Zimandipweteka mtima kuona banja lili ndi ana, katundu ali m'makatoni, kokagona kulibe. Amene muli ku Scotland, kwanuko dongosolo ndi lina, mgwirizano umamangika msanga kuposa kuno.

Nanga miyezi yonseyi imathera pati? Banki imayamba yatumiza munthu wake kukaona ngati nyumbayo ikulingana ndi ngongole yomwe mwapempha, ndipo kalata yovomereza ngongole yogulira nyumbayo, yomwe amati mortgage, imatha kutenga masabata angapo. Kalata imeneyi siikhala mpaka kalekale, mabanki ambiri amaipatsa miyezi 6. Pa nthawi yomweyo loya wanu amafunsa ku khonsolo ngati pali msewu womwe ukudzadutsa pafupi, kapena ngati chipinda chomwe anawonjezera kuseri chinamangidwa ndi chilolezo. Amafunsanso za mipope ya madzi ndi zimbudzi, za kusefukira kwa madzi, ndipo m'madera ngati Yorkshire amafufuza ngati pansi pa nyumbayo panali migodi ya malasha. Makhonsolo ena amayankha m'masiku ochepa, ena amatha mwezi. Mukamagula fulati ya leasehold, kutanthauza yomwe imakhala yanu kwa zaka zoikika pomwe malowo ali ndi mwini wake, onjezeraniponso nthawi, chifukwa loya amadikira mapepala ochokera kwa oyang'anira nyumba yonseyo.

Chochedwetsa chachikulu ndi chomwe amati chain. Amene akukugulitsaniyo nayenso akugula kwina, ndipo womugulitsa wakeyo akudikira wina. Zili ngati anthu owoloka mtsinje atagwirana manja: mmodzi akaterereka, onse ayima. Nyumba yopanda chain, monga yomwe simukukhala munthu, nthawi zambiri imayenda msanga. Funsani zimenezi tsiku loyamba lomwe mwapita kukaiona.

Tsopano pali pena pomwe ife Amalawi timadzichedwetsa tokha. Loya amakakamizidwa ndi lamulo kudziwa komwe ndalama zanu zachokera. Ngati zina munasonkha ku chipereganyu cha pampingo, kapena munagulitsa puloti ku Area 49 ku Lilongwe, kapena achimwene anakutumizirani kuchokera ku Johannesburg, chilichonse chimafuna umboni wolembedwa. Ndalama yopatsidwa ndi m'bale imafuna kalata yonena kuti ndi mphatso osati ngongole, pamodzi ndi chiphaso chake ndi masitetimenti a ku banki kwake. Mapepala oterewa kuwaitanitsa kumudzi mukudziwa nokha mmene amachedwera. Asonkhanitseni musanayambe n'komwe kuyendera nyumba. Ndipo achinyamata amene mukudalira Lifetime ISA, akaunti yosungiramo ndalama yomwe boma limawonjezerapo 25 pa 100 iliyonse, dziwani kuti akauntiyo iyenera kukwanitsa miyezi 12 musanagwiritse ntchito ndalamazo pogula nyumba.

Likafika tsiku la exchange, mumapereka chikole, kawirikawiri 10 pa 100 ya mtengo wonse, ndipo kuyambira pamenepo wobwerera m'mbuyo ndiye amaluza. Inshuwalansi ya nyumba iyambe tsiku lomwelo. Apa ndi pomwe mungauze landilodi. Kenako pamadutsa sabata imodzi mpaka zinayi kufika tsiku la completion, lomwe nyumba imakhala yanu, ndipo ambiri amakonda kuliika Lachisanu. M'mawa mwake loya wanu amatumiza ndalama kwa loya wa wogulitsa, zikangofika ejenti amakuimbirani foni kuti mukatenge makiyi. Msonkho wogulira nyumba ku England, womwe amati stamp duty, ngati ukukukhudzani, uyenera kulipidwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku la completion, ndipo amene amayendetsa zimenezo ndi loya wanu yemweyo.

Amayi kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja kalekale, tiyeni tiyambe ndi inu.